William J. Donovan

William Joseph Donovan (1 Januwale 1883 – 8 Febuluwale 1959) anali msilikali, loya, wandale komanso kazembe wa dziko la United States. Amadziwika kwambiri chifukwa choyambitsa ndi kutsogolera bungwe la Office of Strategic Services, mwachidule OSS, lomwe linkachita ukazitape m'malo mwa dziko la America pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Bungweli linatsekedwa mu 1945, koma njira zake ndi ambiri mwa antchito ake zinapitirira m'bungwe la Central Intelligence Agency, lomwe ndi CIA, limene linakhazikitsidwa mu 1947. N'chifukwa chake Donovan amatchedwa tate wa ukazitape wamakono wa ku America.

Donovan anali wa chipani cha Republican. Anapikisana nawo pa zisankho ziwiri zikuluzikulu m'chigawo cha New York, mu 1922 ndi mu 1932, ndipo zonse ziwiri analephera. Udindo umene unamutchukitsa anapatsidwa ndi Franklin D. Roosevelt, pulezidenti wa chipani cha Democratic, munthu amene Donovan ankamudzudzula pamisonkhano yandale. Roosevelt atamwalira, Donovan anasowa womuteteza m'boma, bungwe lake linathetsedwa, ndipo sanapatsidwe mwayi wotsogolera CIA ngakhale kuti iye ndiye anayamba kulemba dongosolo la bungwe lotero.

Ubwana ndi maphunziro

Donovan anabadwira mumzinda wa Buffalo, m'mphepete mwa nyanja ya Erie, kumadzulo kwa chigawo cha New York. Makolo ake, Timothy Donovan ndi Anna Lennon, anali Akatolika ochokera m'mabanja amene anasamuka ku Ireland. Bambo ake ankagwira ntchito kukampani ya sitima zapamtunda. Banjali linkakhala m'dera la First Ward, komwe kunkakhala anthu ambiri ochokera ku Ireland ogwira ntchito zamanja padoko ndi m'nkhokwe za tirigu. Masiku amenewo mabanja olemera a Chipulotesitanti ndiwo ankalamulira malonda ndi ndale mumzindawo, ndipo Akatolika a ku Ireland ankawaona ngati anthu otsika.

Anaphunzira pa St. Joseph's Collegiate Institute, kenako pa Niagara University, ndipo kwa kanthawi ankaganiza zokhala wansembe. Mng'ono wake Vincent ndiye anadzakhala wansembe wa chipani cha Dominican. Donovan anasamukira ku Columbia University mumzinda wa New York, komwe ankasewera mpira wa ku America m'timu ya yunivesite, ndipo analandira digiri yake yoyamba mu 1905. Atatero analowa sukulu ya zamalamulo ya payunivesite yomweyo. Kumeneko anaphunzitsidwa ndi Harlan Fiske Stone ndipo anali m'kalasi imodzi ndi Franklin Roosevelt, ngakhale kuti awiriwa sanali mabwenzi.

Atabwerera ku Buffalo anayamba ntchito yauloya, ndipo patapita zaka zochepa anatsegula ofesi yake pamodzi ndi Bradley Goodyear. Mu 1912 anathandiza kukhazikitsa gulu la asilikali okwera pamahatchi la National Guard ya New York, ndipo anakhala mtsogoleri wake. Mu 1914 anakwatira Ruth Rumsey, mwana wa banja lina lolemera kwambiri la Chipulotesitanti mumzindawo. Anabereka ana awiri, David ndi Patricia. Ngakhale kuti anthu ambiri ochokera ku Ireland ankavotera chipani cha Democratic, Donovan analowa chipani cha Republican.

Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse

Mu 1916 bungwe la Rockefeller Foundation linamutumiza ku Ulaya kukakambirana zotumiza chakudya ndi zovala kwa anthu ovutika ndi nkhondo ku Belgium, Poland ndi Serbia. Chaka chomwecho anaitanidwa kuti abwerere, chifukwa gulu lake la asilikali linatumizidwa kumalire a Mexico, kumene boma la America linkasakasaka Pancho Villa.

Dziko la America litalowa m'nkhondo mu 1917, Donovan anapatsidwa udindo wa Major m'gulu la 165th Infantry, lomwe kale linkatchedwa 69th New York ndipo asilikali ake ambiri anali ochokera m'mabanja a ku Ireland. Ankawaphunzitsa mwakhama kwambiri, kuwathamangitsa mitunda yaitali iye ali patsogolo. Dzina lake lomuseka la Wild Bill, lotanthauza Bill wosagwirika, linafala pakati pa asilikaliwo ndipo linamukakamira moyo wake wonse.

Mu Julaye 1918 gulu lake linamenya nkhondo pamtsinje wa Ourcq ku France, pomwe anthu ake ambiri anafa, kuphatikizapo mlakatuli Joyce Kilmer. Pa 14 ndi 15 Okutobala 1918, pafupi ndi mudzi wa Landres-et-Saint-Georges, Donovan anawomberedwa mwendo koma anakana kuchotsedwa pabwalo lankhondo kufikira asilikali ake atafika pamalo otetezeka. Chifukwa cha zimenezi anapatsidwa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali ku America, yomwe anailandira mu 1923. Anabwerera kwawo mu 1919 ali Colonel, akutsogolera gulu lonselo pa perete wa mumzinda wa New York.

Ntchito za boma ndi ndale

Kutchuka kwake kunkhondo kunachititsa akuluakulu a chipani cha Republican kumuona ngati munthu amene angakope mavoti a Akatolika. Mu 1922 anasankhidwa kukhala loya wamkulu woimira boma pa milandu m'dera la kumadzulo kwa New York. Chaka chomwecho anaimira chipani chake pa mpando wa wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chigawocho, limodzi ndi Nathan Miller, koma anagonja kwa Al Smith ndi anzake a Democratic.

Panthawiyo ku America kunali lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa mowa, lomwe linagwira ntchito kuyambira 1920 mpaka 1933. Donovan analitsatira mosayang'ana nkhope. Mu 1923 anatumiza apolisi kukachita chipikisheni ku Saturn Club, malo osangalalira a anthu olemera a ku Buffalo, omwe iye mwini anali membala wake. Anthu wamba ambiri anamuyamikira, koma mabanja olemera amene analowamo kudzera mu ukwati anamukwiyira kwambiri, ndipo ambiri anasiya kucheza naye.

Mu 1924 mphunzitsi wake wakale Harlan Stone anasankhidwa ndi Pulezidenti Calvin Coolidge kukhala nduna ya zachilungamo, ndipo anaitanitsa Donovan ku Washington kuti aziyang'anira nthambi ya milandu yaupandu. Chaka chomwecho J. Edgar Hoover anapatsidwa utsogoleri wa nthambi yofufuza milandu imene inadzatchedwa FBI. Awiriwa sanagwirizane kuyambira pachiyambi, ndipo udani wawo unatenga zaka zoposa 30. Kuyambira 1925 Donovan ankayang'anira milandu ya makampani ogwirizana mitengo mwachinyengo, ndipo anaimira boma kangapo kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo.

Pa chisankho cha 1928 anathandiza kwambiri kampeni ya Herbert Hoover, yemwe sanali pachibale ndi J. Edgar Hoover, ndipo ankayembekezera kuti apatsidwa unduna wa zachilungamo. Herbert Hoover atapambana, anthu ena amphamvu m'chipani anakana kuti Mkatolika atenge udindowo, pamene ena ankakayikira ngati Donovan amakhulupiriradi lamulo loletsa mowa. Mpandowo unapita kwa William D. Mitchell. Donovan anapemphedwa kukakhala bwanamkubwa wa zilumba za Philippines, koma anakana. Mu 1929 anasiya ntchito m'boma n'kukatsegula kampani ya maloya mumzinda wa New York, yomwe inamulemeretsa.

Mu 1932 chipani cha Republican chinamusankha kuti aimire pa mpando wa bwanamkubwa wa New York, umene Roosevelt ankausiya kuti akapikisane pa upulezidenti. Inali nthawi yoipa kwa chipani chake, chifukwa chuma cha dzikolo chinali chitalowa pansi kuyambira 1929 ndipo anthu ankaloza chala boma la Hoover. Donovan anagonja kwa Herbert Lehman ndi mavoti oposa 800,000. M'zaka zotsatira ankatsutsa poyera ndondomeko za chuma za Roosevelt zotchedwa New Deal.

Maulendo a kunja ndi ubale ndi Britain

Ngakhale analibe udindo m'boma, Donovan anazolowera kupita yekha kumene kunali nkhondo kapena chipwirikiti, kukaona ndi maso ake, n'kudzalemba malipoti. Mu 1919 anafika ku Siberia pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia. Dziko la Italy litaukira Ethiopia mu Okutobala 1935, anakaonana ndi Benito Mussolini ku Rome ndipo analoledwa kukayendera asilikali a Italy kumalo ankhondo. Atabwerako anauza unduna wa zankhondo kuti Italy ipambana, zomwe zinachitikadi mu 1936. Anayenderanso Spain pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo komanso Germany, ndipo anayamba kuchenjeza kuti nkhondo ina yaikulu ili pafupi.

Mu Juni 1940 dziko la France linagonja kwa Germany. Roosevelt anaika anthu awiri a Republican m'nduna zake pofuna kugwirizanitsa dziko, ndipo mmodzi wa iwo anali Frank Knox, mnzake wa Donovan, amene anakhala nduna ya asilikali apamadzi. Kazembe wa America ku London, Joseph P. Kennedy, ankatumiza malipoti osonyeza kuti Britain sichedwa kugonja. Knox analangiza pulezidenti kuti atumize Donovan akaone yekha mmene zinthu zilili.

Donovan anafika ku London mu Julaye 1940. Anakumana ndi Mfumu George VI, nduna yaikulu Winston Churchill ndi Stewart Menzies, mkulu wa bungwe la ukazitape la MI6. A Britain anamuonetsa zinsinsi zambiri zankhondo chifukwa ankafunitsitsa thandizo la America. Atabwerera anauza Roosevelt kuti Britain ilimba ngati ipatsidwa zida. Lipoti lake linathandiza pa mgwirizano wa mu Seputembala 1940, pamene America inapatsa Britain sitima zankhondo zakale 50 posinthana ndi malo omangapo misasa ya asilikali. Kuyambira Disembala 1940 mpaka Malichi 1941 anayendanso m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, a ku Balkan ndi a ku Middle East.

Kukhazikitsa bungwe la ukazitape

Mpaka 1941 dziko la America linalibe bungwe limodzi loona za ukazitape wa kunja. Asilikali apamtunda anali ndi nthambi yawo, asilikali apamadzi anali ndi yawo, unduna wa zakunja unkadalira makalata a akazembe, ndipo FBI inkayang'ana za m'dziko ndi za ku Latin America. Nthambizi sizinkagawana bwino zimene zapeza, ndipo panalibe ofesi yosonkhanitsa zonse n'kuziika pamodzi kuti pulezidenti amvetse chithunzi chonse.

Mothandizidwa ndi William Stephenson, munthu wa ku Canada amene ankatsogolera akazitape a Britain ku New York, Donovan analembera Roosevelt chikalata mu Juni 1941 chopempha kuti pakhale ofesi yotero. Pa 11 Julaye 1941 Roosevelt anamusankha pa udindo watsopano wa Coordinator of Information, wogwira ntchito pansi pa pulezidenti mwachindunji.

Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anachita chinali kulemba ntchito aphunzitsi a m'mayunivesite. Iye ankakhulupirira kuti zambiri zimene dziko limafuna kudziwa za mdani wake zili kale m'mabuku, m'manyuzipepala, m'mapu ndi m'malipoti a zamalonda, ndipo chofunika ndi anthu odziwa kuziwerenga. Nthambi ya kafukufukuyi inadzatsogoleredwa ndi William L. Langer, katswiri wa mbiri yakale wa ku Harvard. Ofesiyi inalinso ndi nthambi youlutsa mauthenga kumayiko akunja pansi pa Robert Sherwood, ndipo wayilesi ya Voice of America inayambira kumeneko mu Febuluwale 1942.

Japan itaukira Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941, America inalowa m'nkhondo. Pa 13 Juni 1942 Roosevelt anagawa ofesi ya Donovan pawiri. Ntchito youlutsa mauthenga poyera inapita ku bungwe lina, ndipo zotsalazo zinakhala OSS, yomwe inaikidwa pansi pa akuluakulu a asilikali. Donovan anakwezedwa kukhala Brigadier General mu 1943 ndi Major General mu 1944.

Ntchito za OSS

Chakumapeto kwa 1944 bungwe la OSS linali ndi antchito pafupifupi 13,000, ndipo masauzande angapo mwa iwo anali azimayi. Linali ndi nthambi yosonkhanitsa zinsinsi kudzera mwa akazitape, nthambi yowononga mobisa njanji, milatho ndi mafakitale a adani, nthambi yogwira akazitape a adani, nthambi yofalitsa mphekesera ndi timapepala tofooketsa asilikali a adani, komanso nthambi ya kafukufuku. Donovan ankalemba ntchito aliyense amene ankamuona kuti ndi wothandiza, kaya ndi mwana wa banja lolemera, wothawa kwawo ku Ulaya kapena wokonda chikomyunizimu. Ena mwa iwo anali John Ford wopanga mafilimu, Julia Child amene anadzatchuka pophunzitsa kuphika, ndi Ralph Bunche, katswiri wachikuda amene ankalemba malipoti okhudza mayiko a mu Africa olamulidwa ndi atsamunda. Bunche anadzalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 1950.

Ntchito yaikulu yoyamba inali ku North Africa. Akazitape otsogoleredwa ndi William Eddy ku Tangier anasonkhanitsa zambiri zokhudza madoko ndi asilikali a France ku Morocco ndi Algeria, asilikali a America ndi Britain asanatsike kumeneko mu Novembala 1942. Mwezi womwewo Allen Dulles anafika mumzinda wa Bern ku Switzerland n'kutsegula ofesi. Kumeneko Fritz Kolbe, wogwira ntchito mu unduna wa zakunja wa Germany amene ankadana ndi chipani cha Nazi, anamubweretsera zikalata zachinsinsi zoposa 1,000. Dulles ndiyenso anakambirana mobisa ndi Karl Wolff, mmodzi wa akuluakulu a SS, ndipo zotsatira zake asilikali a Germany amene anali ku Italy anagonja pa 2 Meyi 1945, masiku angapo nkhondo ya ku Ulaya isanathe.

Mu 1944 OSS pamodzi ndi a Britain ndi a France anatumiza magulu oposa 90 a anthu atatuatatu, otchedwa Jedburgh, amene ankatsika ndi parachuti m'dziko la France kukaphunzitsa ndi kupereka zida kwa anthu olimbana ndi Germany mobisa. Virginia Hall, mayi amene ankayenda ndi mwendo wopanga, anagwiranso ntchito yotero m'midzi ya ku France. Ku Burma gulu la Detachment 101 linaphunzitsa anthu a mtundu wa Kachin pafupifupi 10,000 kumenyana ndi Japan m'nkhalango. Mu Julaye 1945 kagulu kena kanatsika kumpoto kwa Vietnam n'kuphunzitsa asilikali a Ho Chi Minh, amene patapita zaka anadzamenyana ndi America yomweyo.

Donovan sankakonda kukhala muofesi. Anatsika ndi asilikali ku Sicily, ku Salerno, ku Anzio ndi ku Normandy, ngakhale kuti munthu wodziwa zinsinsi zambiri chonchi sankayenera kuyandikira kumene akanatha kugwidwa. Amene ankagwira naye ntchito ankamutamanda kuti salephera kulandira maganizo atsopano, koma ankadandaula kuti sasamala za kayendetsedwe ka ofesi ndi ka ndalama.

Bungweli linalinso ndi zolephera zake. Gulu la akazitape ake ku Istanbul linalowereredwa ndi anthu a Germany. Ku Rome linagula malipoti onena za zinsinsi za ku Vatican, ena mpaka kufika patebulo la pulezidenti, koma kenako zinadziwika kuti ankangopekedwa ndi mtolankhani wina dzina lake Virgilio Scattolini. Duncan Lee, mmodzi wa othandizira a Donovan amene anachokera kukampani yake ya maloya, ankapereka nkhani kwa akazitape a Soviet Union.

Mavuto ena ankachokera m'boma la America momwemo. General Douglas MacArthur anakana kuti OSS igwire ntchito m'dera limene ankalamulira ku Pacific. J. Edgar Hoover anaitsekereza ku Latin America. Mu 1942, anthu a Donovan atalowa usiku muofesi ya kazembe wa Spain ku Washington kukajambula zikalata, magalimoto a FBI anafika panja akuliza masayirini, ndipo anthuwo anathawa. Asilikali sankalolanso kuti OSS izionetsedwa mauthenga ambiri a adani amene akatswiri awo ankawamasulira, omwe anali gwero lofunika kwambiri la zinsinsi pa nkhondo yonseyo.

Kutsekedwa kwa OSS

Pa 18 Novembala 1944 Donovan anapatsa Roosevelt chikalata chofotokoza mmene bungwe lokhalitsa la ukazitape liyenera kudzakhalira nkhondo ikatha. Anati likhale pansi pa pulezidenti, likhale ndi bajeti yakeyake, lizisonkhanitsa zimene nthambi zonse zapeza, ndipo lisakhale ndi mphamvu za apolisi m'dziko kapena kunja. Akuluakulu a asilikali, unduna wa zakunja ndi FBI onse anatsutsa, aliyense poopa kulandidwa gawo lake.

Pa 9 Febuluwale 1945 mtolankhani Walter Trohan anasindikiza chikalata chachinsinsichi m'nyuzipepala za Chicago Tribune ndi Washington Times-Herald, zomwe zinkadana ndi Roosevelt. Nkhaniyo inayerekezera bungwelo ndi Gestapo, apolisi achinsinsi a Hitler, ndipo aphungu ambiri anadzudzula ganizolo. Donovan ankakhulupirira kuti Hoover ndiye anaulula chikalatacho. Roosevelt anaimitsa kaye nkhaniyo, ndipo anamwalira pa 12 Epulo 1945 asanapereke chigamulo.

Imfa imeneyi inasiya Donovan pambalambanda. Mphamvu zake zonse zinkadalira kuti pulezidenti amamumvera. M'chipani cholamula analibe omutsatira, ndipo m'nyumba ya malamulo analibe gulu lomuikira kumbuyo. Pulezidenti watsopano, Harry S. Truman, sankamukonda, ndipo analandira lipoti la Colonel Richard Park lodzudzula OSS kuti ndi yosasunga mwambo ndiponso yodalira kwambiri Britain. Truman ankafunanso kutseka msanga mabungwe a nthawi yankhondo kuti apulumutse ndalama. Pa 20 Seputembala 1945 anasainira lamulo la nambala 9621 lothetsa OSS kuyambira pa 1 Okutobala. Nthambi ya kafukufuku inapita ku unduna wa zakunja, ndipo akazitape anapita ku unduna wa zankhondo pansi pa John Magruder.

Posakhalitsa Truman anaona kuti malipoti osagwirizana a nthambi zosiyanasiyana akumusokoneza, ndipo ubale ndi Soviet Union unkaipiraipira. Mu Januwale 1946 anakhazikitsa Central Intelligence Group, ndipo lamulo la National Security Act, lomwe analisainira pa 26 Julaye 1947, linabala CIA. Mfundo zambiri za m'chikalata cha Donovan zinalowa m'lamuloli, kuphatikizapo yoletsa bungwelo kukhala ndi mphamvu za apolisi. Mkulu wake woyamba anali Roscoe Hillenkoetter.

Zaka zomaliza

Mu 1945 Donovan anathandiza kukonzekera milandu ya atsogoleri a Nazi ku Nuremberg, pansi pa woweruza Robert H. Jackson. Antchito a OSS anasonkhanitsa zikalata ndi mafilimu zomwe zinaperekedwa monga umboni. Awiriwa anasemphana maganizo: Jackson ankafuna kuti mlanduwo uzidalira zikalata za a Nazi eni ake, pamene Donovan ankafuna mboni zambiri zolankhula pamaso pa khoti. Donovan anachoka chakumapeto kwa Novembala 1945, mlanduwo utangoyamba kumene.

Atabwerera ku ntchito yauloya anayesanso ndale. Mu 1946 ankafuna kuimira chipani chake pa mpando wa m'nyumba ya malamulo ya Senate, koma bwanamkubwa Thomas Dewey anakonda Irving Ives. Pambuyo pake anakhala wapampando wa American Committee on United Europe, bungwe lothandiza magulu ofuna kuti mayiko a kumadzulo kwa Ulaya agwirizane polimbana ndi chikomyunizimu.

Pa chisankho cha 1952 anachitira kampeni Dwight D. Eisenhower, ndipo ankayembekezera kuti pulezidenti wa chipani chake amupatsa utsogoleri wa CIA. Eisenhower anasankha Allen Dulles, amene kale ankagwira ntchito pansi pa Donovan. M'malo mwake Donovan anatumizidwa ku Thailand monga kazembe mu 1953, ali ndi zaka 70. Kumeneko analimbikitsa kuti America iwonjezere thandizo kwa asilikali ndi apolisi a dzikolo. Anatula pansi udindowo mu 1954. Mu 1956 anathandiza kusonkhetsa ndalama za anthu othawa kwawo ku Hungary.

Pa moyo wake wa m'banja anakumana ndi zovuta. Nthawi zambiri ankakhala kutali ndi mkazi wake, ndipo mwana wawo Patricia anafa pangozi ya galimoto mu 1940. Mu 1957 Donovan anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda a muubongo amene ankamuiwalitsa zinthu. Anamwalira pachipatala cha asilikali cha Walter Reed ku Washington pa 8 Febuluwale 1959 ali ndi zaka 76, ndipo anaikidwa m'manda a Arlington National Cemetery.

Zimene anasiya

Akatswiri ambiri a mbiri yakale amavomereza kuti OSS si imene inapambanitsa nkhondo, popeza ntchito yomasulira mauthenga achinsinsi a Germany ndi Japan inali yofunika kuposa. Chimene chinakhalitsa ndi ganizo la Donovan lakuti dziko liyenera kukhala ndi ofesi imodzi ya anthu wamba yosanthula nkhani za kunja nthawi zonse, kaya kuli nkhondo kapena mtendere. Anthu anayi amene anagwira ntchito mu OSS anadzatsogolera CIA: Allen Dulles, Richard Helms, William Colby ndi William Casey. Nthambi ya kafukufuku inasanduka ofesi ya Bureau of Intelligence and Research ya mu unduna wa zakunja, ndipo gulu la asilikali la Special Forces, lomwe linayamba mu 1952 pansi pa Aaron Bank, linatengera njira za magulu a Jedburgh.

Ganizo lake lina, loika m'bungwe limodzi ntchito yosonkhanitsa zinsinsi ndi ntchito yosokoneza mobisa mayiko ena, ndi limene anthu amatsutsana nalo kwambiri. Pa nthawi ya Dulles, CIA inathandiza kugwetsa maboma a Iran mu 1953 ndi Guatemala mu 1954. Mu 1975 komiti ya Senate yotsogoleredwa ndi Frank Church inapeza kuti mu 1960 bungweli linakonza chiwembu chopha Patrice Lumumba wa ku Congo ndi poizoni, ngakhale kuti chiwembucho sichinachitike ndipo Lumumba anaphedwa ndi anthu ena mu Januwale 1961. Donovan sanatenge nawo mbali pa zimenezi, koma otsutsa amati njira zimene zinali zomveka pomenyana ndi Hitler zinapitirizidwa mu nthawi ya mtendere popanda woziyang'anira mokwanira.

Donovan amadziwika kuti ndi munthu yekhayo amene analandira mamendulo anayi apamwamba a dziko lake: Medal of Honor, Distinguished Service Cross, Distinguished Service Medal ndi National Security Medal. Filimu ya mu 1940 yotchedwa The Fighting 69th inasimba za gulu lake la pa nkhondo yoyamba, ndipo George Brent ndiye anasewera ngati Donovan. Zikalata zimene anasonkhanitsa ku Nuremberg zimasungidwa mulaibulale ya zamalamulo ya Cornell University. Mu 2016 nyumba ya malamulo ya America inavomereza kupereka Congressional Gold Medal kwa onse amene anatumikira mu OSS. Chiboliboli cha Donovan chili pamalo olandirira alendo kulikulu la CIA ku Langley, m'chigawo cha Virginia.